Funsani Tiyankhe: Mafuta, Gasi ndi Magetsi a ku Nigeria

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za dziko limodzi, la Nigeria, ndipo sitikudabwa nazo, chifukwa mafuta a galimoto akasowa kapena magetsi akayamba kuzimazima, anthu amayamba kuganizira za mayiko amene ali ndi mafuta awoawo pansi pa nthaka. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo amene ankafunsa zofanana tawaphatikiza.

Funso: Ndimaphunzitsa jogalafe kusekondale, ndipo buku limene tili nalo limati Nigeria ndiye dziko lotsogola pa mafuta muno mu Africa. Ana anandifunsa kuti dzikoli limapopa mafuta ochuluka bwanji komanso amagula ndani, koma manambala a m'bukuli ndi akalekale. Zinthu zili bwanji masiku ano? — Mphunzitsi, Kasungu

Yankho: Aphunzitsi, bukulo silikunama, kungoti nkhaniyi yayenda mtunda wautali chilembedwere bukulo. Mafuta oti n'kuchita nawo malonda anapezeka koyamba mu 1956 pamudzi wa Oloibiri, m'dera la madambo ndi timitsinje tosawerengeka kumene mtsinje wa Niger umathira m'nyanja ya Atlantic, ndipo sitima yoyamba yonyamula mafutawo inanyamuka mu 1958, kutatsala zaka ziwiri kuti dzikoli lidziimire palokha. Nthawi imeneyo kampani ya Shell-BP inkapopa migolo pafupifupi 5,000 patsiku. Anawo muwauze kuti mgolo umene amawerengera pa malonda a mafuta ndi wa malita 159, choncho ndi wocheperako poyerekeza ndi diramu la malita 200 limene amalidziwa. Dzikoli linalowa m'bungwe la mayiko ogulitsa mafuta kunja la OPEC mu 1971, ndipo mu 1977 boma linakhazikitsa kampani yake ya NNPC, imene inkakhala ndi gawo lalikulu pa zitsime zimene makampani akunja monga Shell, Chevron, ExxonMobil, Total ndi Agip ankayendetsa.

Cha m'ma 2005 dziko la Nigeria linkapopa migolo pafupifupi 2.5 miliyoni patsiku, ndipo pamenepo m'pamene linafika pachimake. Kuchokera nthawi imeneyo chiwerengerochi chakhala chikutsika, mpaka mu 2022 kunali miyezi imene chinatsika kufika pansi pa migolo 1 miliyoni, moti dziko la Angola linakhala patsogolo kwa kanthawi. Panopa zabwererako pang'ono, ndipo migolo imasewera cha pa 1.5 miliyoni patsiku, womwenso ndi mlingo umene OPEC inaikira dzikoli. Mafuta odziwika kuti atsala pansi ndi migolo pafupifupi 37 biliyoni, ndipo mu Africa ndi Libya yokha imene ili ndi ochuluka kuposa amenewa.

Mafuta a ku Nigeria amakondedwa pamsika chifukwa ndi opepuka komanso ali ndi sulufule wochepa, ndiye savuta kuyenga ndipo amatulutsa petulo ndi dizilo wambiri. Mitundu yake imatchulidwa ndi mayina a madoko otumizira, monga Bonny Light, Forcados, Qua Iboe, Brass River ndi Escravos. Kwa zaka zambiri wogula wamkulu anali dziko la America, koma litayamba kupopa mafuta ake ochuluka kuchokera m'miyala cha m'ma 2010, linachepetsa kwambiri kugula, ndipo sitima zinayamba kulowera ku India, Indonesia, Spain, Netherlands, France ndi Italy. Dziko la South Africa nalonso limagula kumeneko. Chimene ndikufuna kuti ophunzira anu achigwire bwino ndi ichi: mafuta ndi gasi zimabweretsa pafupifupi madola asanu ndi anayi pa madola khumi alionse amene dzikoli limapeza pogulitsa katundu kunja, koma pa chuma chonse cha m'dzikomo gawo la mafuta silikwana n'komwe limodzi mwa magawo khumi. Anthu ambiri ndi alimi ndi ochita malonda, ndipo sanakhudzepo ntchito ya mafuta chibadwire, komabe mtengo wa mgolo ukagwa ku London, ndalama yawo ya naira imagwa nawo. Mafuta asanabwere dzikoli linkadya za mtedza wa ku Kano, koko wa kumadzulo ndi mafuta a kanjedza a kum'mawa, koma ulimi umenewu unanyalanyazidwa ndalama za mafuta zitayamba kusefukira m'ma 1970.

Funso: Ndamva kuti ku Nigeria nakonso anthu ankagona pamzere pamalo omwetsera mafuta. Zingatheke bwanji dziko lokumba mafuta n'kumasowa petulo? Kapena ndi nkhambakamwa chabe? — Woyendetsa minibasi, Lilongwe

Yankho: Si nkhambakamwa, bambo, zinkachitikadi, ndipo zachitika kwa zaka zambiri. Chimene chimatuluka m'chitsime si petulo woti n'kuthira m'thanki la minibasi yanu. Ndi mafuta osayenga, amene ayenera kupita kaye kufakitale kumene amawatenthetsa ndi kuwalekanitsa kuti patuluke petulo, dizilo, palafini, mafuta a ndege ndi phula. Boma la Nigeria lili ndi mafakitale anayi otere: awiri ku Port Harcourt, amene anatsegulidwa mu 1965 ndi 1989, ina ku Warri ya mu 1978, ndi ina ku Kaduna ya mu 1980. Onse pamodzi anapangidwa kuti aziyenga migolo 445,000 patsiku, koma chifukwa chosakonzedwa pa nthawi yake, katangale pa makontirakiti okonzera, komanso kuswedwa kwa mapaipi obweretsa mafuta, ankagwira ntchito mwa apo ndi apo, mpaka pofika mu 2020 onse anali ataima. Choncho dzikoli linkagulitsa mafuta osayenga kunja n'kumagulanso petulo kuchokera ku Ulaya, ngati mlimi amene chigayo chake chinafa, amene amagulitsa chimanga chake chonse n'kumakagula ufa wa m'mapaketi pamtengo wokwera.

Pamwamba pa zimenezi panali sabuside. Kuyambira m'ma 1970 boma linkaika mtengo wotsika wa petulo n'kumalipira lokha ndalama zotsalazo, ndipo anthu ambiri ankaona kuti limenelo ndilo phindu lokhalo limene ankapeza pa chuma cha dziko lawo. Mu 2022 mokha sabusideyi inadya pafupifupi madola 10 biliyoni. Popeza petuloyo anali wotchipa kuposa wa m'mayiko oyandikana nawo, wambiri ankawolotsedwa mozemba kupita ku Benin, Niger ndi Cameroon, kumene ankagulitsidwa m'mabotolo ndi m'zigubu m'mphepete mwa misewu. Sitima ikachedwa kapena madola akasowa, mizere inkayamba. Pulezidenti Goodluck Jonathan anayesa kuchotsa sabusideyi pa 1 Januwale 2012, koma zionetsero ndi sitiraka ya dziko lonse zinamukakamiza kubweza mbali ina. Pulezidenti Bola Tinubu analengeza kuti yatha pa tsiku limene ankalumbira, pa 29 Meyi 2023, ndipo m'masiku ochepa mtengo wa lita unachoka pa ndalama zosakwana 200 naira kufika cha pa 500, kenaka unadutsa 1,000 chakumapeto kwa 2024. Ine ndikuona kuti sabusideyo sikanatha kupitirira, chifukwa inkadya ndalama za sukulu ndi zipatala n'kumalemeretsa ozembetsa, koma inachotsedwa popanda kukonzekera mokwanira za anthu osauka, amene petulo yemweyo ndi amene amayendetsera timajenereta tawo ta m'mashopu.

Chimene chasintha zinthu kwenikweni ndi fakitale yoyenga mafuta ya wamalonda Aliko Dangote ku Lekki, kufupi ndi Lagos, imene inamangidwa pamtengo wa pafupifupi madola 20 biliyoni kuti iziyenga migolo 650,000 patsiku. Inayamba kutulutsa dizilo ndi mafuta a ndege kumayambiriro kwa 2024, ndipo petulo anayamba kutuluka mu Seputembala chaka chomwecho. Chodabwitsa n'chakuti fakitaleyi yakhala ikugula mafuta ena osayenga kuchokera ku America, chifukwa gawo lina la mafuta a NNPC linapinyolitsidwa kale pa ngongole. Palinso nkhawa yomveka yakuti dziko lonse likadalira fakitale ya munthu mmodzi, mtengo uzikhala m'manja mwake. Za mafakitale a boma sindichulutsa mawu: mu 2021 boma linavomereza madola 1.5 biliyoni okonzera ku Port Harcourt, fakitale yakaleyo inatsegulidwa mu Novembala 2024, ndipo inatsekedwanso mu Meyi 2025.

Funso: Ine ndimanyamula mafuta pa thanki kuchokera ku Dar es Salaam. Bwanji mayiko athu osangogula kwa Aafirika anzathu a ku Nigeria pamtengo waubale? — Dalaivala, Chipata

Yankho: Maganizo anu ndi abwino, koma mtunda ukutsutsa. Dziko la Nigeria lili kumadzulo, kugombe la Atlantic, pamene madoko amene Malawi ndi Zambia amadalira kwambiri, a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ali kunyanja ya Indian. Sitima yochokera ku Lagos iyenera kuzungulira kumwera kwenikweni kwa Africa, pamene yochokera kumayiko a Aluya kapena ku India imangotsetsereka ndi gombe la kum'mawa. Chachiwiri, mafuta osayenga sangatithandize, chifukwa dziko la Malawi lilibe fakitale yoyengera, ndipo ku Zambia fakitale ya Indeni ku Ndola inasiya kuyenga, moti paipi ya TAZAMA imene inkabweretsa mafuta osayenga tsopano imanyamula dizilo. Fakitale ya Dangote yayamba kugulitsa kunja mafuta oyengayenga, ndipo palibe choletsa kugula kumeneko mtengo ukakhala wabwino, koma nayonso imafuna madola, chifukwa ili ndi ngongole zake zobweza m'madola.

Funso: Nkhani yofufuza mafuta m'nyanja yathu ikabuka, ena amati tiyang'ane zimene zinachitikira anthu a ku Niger Delta. Kodi kwenikweni chinachitika n'chiyani kumeneko? — Wophunzira pa koleji, Zomba

Yankho: Limeneli ndi gawo lowawa kwambiri pa nkhani yonseyi, ndipo ndi bwino kuti achinyamata ngati inu mulidziwe. Anthu a m'dera la madambo limeneli, kumene mtsinje wa Niger umathira m'nyanja, monga Aijaw, Aogoni ndi Aitsekiri, ankadalira usodzi ndi ulimi, koma kwa zaka zoposa 60 mafuta akhala akutayikira m'mitsinje ndi m'minda yawo kuchokera m'mapaipi odzimbirira komanso oboola dala. Mu 2011 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, UNEP, inatulutsa lipoti la dera la Ogoni, limene linati kuyeretsa derali kungatenge zaka 25 mpaka 30, ndipo pamudzi wa Nisisioken Ogale anapeza anthu akumwa madzi a m'zitsime okhala ndi mankhwala oyambitsa khansa a benzene ochuluka ka 900 kuposa mlingo umene bungwe la WHO limalola. Anthu a ku Bodo, amene mitsinje yawo inawonongeka ndi mafuta otayika mu 2008, anachita kukasumira Shell kukhoti la ku London, ndipo mu 2015 kampaniyo inavomera kulipira mapaundi 55 miliyoni.

Amene anadzudzula zimenezi poyera analipira ndi moyo. Ken Saro-Wiwa, mlembi amene ankatsogolera Aogoni mwamtendere, ananyongedwa pamodzi ndi anzake asanu ndi atatu pa 10 Novembala 1995 ndi boma la asilikali la Sani Abacha. Patapita zaka khumi achinyamata anatenga mfuti, n'kuyamba kuphulitsa mapaipi ndi kugwira ogwira ntchito, mpaka Pulezidenti Umaru Yar'Adua anawakhululukira mu 2009 posinthana ndi zida. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1999 amati magawo 13 pa 100 alionse a ndalama za mafuta azibwerera kuzigawo zimene mafutawo achokera, koma ndalamazo zimathera kwa abwanamkubwa ndi owazungulira, osafika kumudzi kwa msodzi.

Kuba mafuta kunasanduka ntchito yaikulu. Ena amaboola paipi n'kulumikiza yawo yopita kumabwato akuluakulu, ndipo zoterezi sizingatheke popanda anthu amaudindo kudziwa. Ena amaphika mafutawo m'migolo kutchire kuti apeze dizilo wamtengo wotsika, n'kutaya zotsalira m'madzi. Kuyambira mu 2016 anthu a mumzinda wa Port Harcourt anayamba kudzuka m'mawa n'kupeza mwaye wakuda pamawindo, pa zovala zoyanika panja ndi kumapazi kwa ana oyenda m'nyumba. Kuba kumeneku ndiko kunagwetsa kwambiri chiwerengero cha migolo mu 2022. Makampani akunja nawo atopa ndi zitsime za kumtunda: mu 2024 kampani ya Eni, mwini wa Agip, inagulitsa zake kwa kampani ya m'dzikomo ya Oando, ExxonMobil inagulitsa za m'madzi osaya kwa kampani ya Seplat, ndipo mu 2025 Shell inamaliza kugulitsa zake kwa gulu la Renaissance. Iwo atsala ndi zitsime za pakati pa nyanja monga Bonga, Agbami ndi Egina, kumene akuba safikako msanga. Funso limene anthu a m'midzi akufunsa, ndipo ndikuliona kuti ndi lachilungamo, n'lakuti ayeretse ndani nthaka imene inaipitsidwa eni ake akale asanachoke.

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndi anzanga a ku Nigeria. Magetsi atayamba kuzimazima kuno iwo ankatiuza kuti sitinaone mavuto, kwawo munthu aliyense amadzipangira yekha magetsi. Kodi magetsi kumeneko amayendetsa ndani, ndipo vuto lagona pati? — Mmalawi wokhala ku South Africa

Yankho: Anzanuwo sakukokomeza. Dziko la Nigeria lili ndi anthu oposa 200 miliyoni, ndipo makina opangira magetsi amene anaikidwa angathe kutulutsa mamegawati oposa 13,000, koma masiku ambiri amene amayenda m'mawaya ndi apakati pa 4,000 ndi 5,000 okha. Yerekezani ndi kumene muliko, kumene Eskom ili ndi makina a mamegawati oposa 40,000 pa anthu pafupifupi 60 miliyoni. Mu 2021 World Bank inati anthu 85 miliyoni a ku Nigeria sanalumikizidwe n'komwe ku magetsi. Amene analumikizidwawo amadalira majenereta: wometa tsitsi, telala, wogulitsa zakumwa zozizira, aliyense ali ndi kajenereta kake pakhomo pa shopu, amakoka chingwe m'mawa, utsi n'kumatuluka, ndipo msika wonse umangomveka phokoso la injini mpaka madzulo. Magetsi akangobwera ana amakuwa m'makwalala kuti "Up NEPA!", kutchula kampani imene inatha kalekale.

NEPA inali kampani ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo inkachita zonse: kupanga magetsi, kuwanyamula ndi kuwagulitsa. Lamulo la mu 2005 linaithetsa n'kuika PHCN m'malo mwake, kenaka inagawidwa m'makampani 18: asanu ndi limodzi opanga magetsi, imodzi yowanyamula pa mawaya akuluakulu, ndi 11 owagawa kwa anthu m'zigawo. Pa 1 Novembala 2013 ambiri mwa makampani opanga ndi ogawa anaperekedwa m'manja mwa anthu amalonda, boma n'kutsala ndi magawo 40 pa 100 m'makampani ogawawo, pamene yonyamula, ya TCN, inakhalabe ya boma. Makampani ogawawa amatchulidwa ndi mizinda imene kuli malikulu awo: Abuja, Benin, Enugu, Ibadan, Jos, Kaduna, Kano, Port Harcourt ndi Yola, ndipo mzinda wa Lagos, chifukwa cha kukula kwake, uli ndi awiri, Eko ndi Ikeja. Kampani iliyonse ili ndi dera lakelake, mwachitsanzo ya Kano imagawa ku Kano, Katsina ndi Jigawa, ndipo munthu sangasankhe kugula kwa ina.

Kuti mumvetse pamene pagona vuto, tsatirani njira ziwiri: ya magetsi ndi ya ndalama. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magetsi amapangidwa ndi gasi, m'malo monga Egbin kufupi ndi Lagos, ndipo otsalawo amachokera kumadamu a Kainji, Jebba, Shiroro ndi Zungeru. Gasi amachoka kwa okumba kupita kwa opanga magetsi, magetsi n'kudutsa kwa TCN, n'kufika kwa ogawa, kenaka m'nyumba. Ndalama ziyenera kubwerera njira yomweyo chobwerera m'mbuyo, koma zimathera panjira. Pafupifupi theka la makasitomala alibe mita, ndiye kampani imangowalembera bilu yongoganizira, ndipo munthu amene wakhala mumdima masiku ambiri pamwezi akalandira bilu yaikulu amakana kulipira, kapena amapeza womulumikizira mwachinyengo. Maofesi a boma ndi malo a asilikali nawonso amakhala ndi ngongole zazikulu. Kwa nthawi yaitali boma linkaletsa kukweza mtengo kuti ufanane ndi ndalama zopangira magetsiwo, n'kulonjeza kulipira zotsalazo, koma linkachedwa. Zotsatira zake n'zakuti ogawa amapereka gawo lochepa chabe la zimene akuyenera kulipira, opanga magetsi amalephera kulipira eni gasi, eni gasi amatseka mpopi kapena amasankha kugulitsa kunja kumene amalandira madola, ndipo makina abwinobwino amangokhala osayaka. Magetsi akachepa anthu amakananso kulipira, ndipo zimangozungulira choncho.

Amene anagula makampani ogawawa ambiri anagula ndi ngongole za kubanki, ndipo analibe ndalama zina zogulira mathiransifoma, mawaya ndi mamita. Si zachilendo anthu a mumsewu umodzi kusonkherana kuti agule thiransifoma yawo ikapsa. Amene anagula kampani ya Yola anaibweza kuboma mu 2015 chifukwa cha nkhondo ya Boko Haram, ndipo mu 2021 ndi 2022 mabanki ndi boma analanda utsogoleri wa makampani angapo, kuphatikizapo a Abuja, Kano, Kaduna, Benin ndi Ibadan. Mawaya akuluakulu nawonso ndi ofooka, moti pena pakangolakwika dziko lonse limazima nthawi imodzi, ndipo mu 2024 zimenezi zinachitika koposa kakhumi. Kuyambira mu 2020 makasitomala anaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka E malinga ndi maola amene alonjezedwa, ndipo mu Epulo 2024 a gulu A, olonjezedwa maola osachepera 20 patsiku, anawakwezera mtengo wa yuniti kuchoka pa ndalama zosakwana 70 naira kufika pa 225. Ndalama zotolera zinakwera ndithu, koma a magulu otsikawo amadandaula kuti magetsi ochepa omwewo akuthamangira kwa olipira zambiri.

Funso: Ndimaphikira gasi wa m'silinda, ndipo ndinamva kuti Nigeria ili ndi gasi wambiri kuposa mafuta. Kodi kumeneko gasi amafika m'nyumba pa mapaipi ngati madzi? — Mayi wochita bizinesi, Limbe

Yankho: Mayi, mwamva zoona kuti gasi aliko wambiri, ndipo palibe dziko lina mu Africa limene lili ndi wochuluka kuposa pamenepo, koma m'nyumba safika pa mapaipi. Mabanja ambiri amaphikirabe nkhuni ndi makala, ndipo ophikira gasi amakadzazitsa silinda ngati mmene mumachitira inuyo. Makampani ogawa gasi pa mapaipi alipo, koma makasitomala awo ndi mafakitale: Gaslink imagawa mumzinda wa Lagos, ndipo Shell Nigeria Gas imagawa m'madera a mafakitale a Agbara ndi Ota komanso ku Aba. Msana wa zonsezi ndi paipi yaikulu yochokera ku Escravos kupita ku Lagos. Kumpoto kulibe gasi wa m'mapaipi, ndipo n'chifukwa chake mu 2020 anayamba kumanga paipi ya makilomita 614 yochokera ku Ajaokuta kudzera ku Kaduna kukafika ku Kano, imene yachedwa kwambiri kuposa mmene analonjezera.

Kwa zaka zambiri gasi wotuluka pamodzi ndi mafuta ankangotenthedwa pachitsime pomwepo, chifukwa makampani ankafuna mafuta okha. Lamulo la mu 1979 linati mchitidwewu uthe pofika mu 1984, koma mpaka lero malawi aatali akuyakabe usana ndi usiku pafupi ndi midzi, ndipo pali amayi amene amayanika chinangwa chawo pafupi ndi malawiwo kuti chiume msanga, uku akupuma utsi wake, n'kubwerera madzulo kunyumba yopanda magetsi. Chimene chinachepetsako kutentha gasi ndi kampani ya NLNG pa chilumba cha Bonny, imene imaziziritsa gasi mpaka kusanduka wamadzimadzi n'kumutumiza pa sitima. Sitima yake yoyamba inanyamuka mu 1999, ingathe kupanga matani 22 miliyoni pachaka, ndipo ikukulitsidwa kuti ifike pa 30 miliyoni. NNPC ili ndi magawo 49 pa 100, otsalawo ndi a Shell, TotalEnergies ndi Eni. Ambiri amavomereza kuti imeneyi ndiyo kampani yoyenda bwino kwambiri pa zonse za mafuta m'dzikomo, ndipo chifukwa chimodzi n'chakuti ogula ake amalipira pa nthawi yake.

Palinso paipi ya makilomita 678 yodutsa pansi pa nyanja imene imapereka gasi ku Benin, Togo ndi Ghana. Mu 2012 nangula wa sitima anaiswa kufupi ndi Lomé, inaima pafupifupi chaka, ndipo dziko la Ghana linavutika kwambiri ndi kuzima kwa magetsi. Magetsi enieniwo Nigeria imagulitsakonso ku Benin, Togo ndi Niger ngakhale kwawo sakwanira, ndipo asilikali atalanda boma ku Niger mu 2023 inawadulira kwa miyezi ingapo.

Funso: Kwathu kuno ESCOM inagawidwa mu 2017 n'kubadwa EGENCO. Ena amati tipitirize, chigawo chilichonse chikhale ndi kampani yake. Kodi zimene zachitika ku Nigeria zikusonyeza kuti kugawa m'zigawo kumathandiza? — Wopuma pantchito, Mzuzu

Yankho: Bambo, mayiko awiriwa ndi osiyana kwambiri kukula kwake ndi gwero la magetsi ake, choncho sindinganene kuti zimene zachitika uko zingachitikenso chimodzimodzi kuno. Koma za ku Nigeria zokha ndinganene mosakayika kuti kugawa kwa mu 2013 kunasintha eni ake popanda kusintha zimene zinkadwalitsa NEPA, zomwe ndi kusowa kwa mamita, mtengo wosakwanira kubweza ndalama zopangira, ndi maofesi a boma osalipira mabilu.

Tsopano dzikoli likuyesa njira ina. Mu 2023 linasintha malamulo oyendetsera dziko n'kukhazikitsa lamulo latsopano la magetsi, limene likulola chilichonse mwa zigawo 36 kupanga, kunyamula ndi kugulitsa magetsi m'malire ake, komanso kukhala ndi bungwe lake loyang'anira mitengo m'malo mwa bungwe la dziko lonse la NERC. Zigawo za Enugu, Ondo ndi Ekiti zinayambirira kutenga mphamvu zimenezi mu 2024, ndipo Lagos inatsatira. Chitsanzo chimene ambiri akuchiyang'ana ndi cha mzinda wa Aba, wodziwika ndi osoka nsapato ndi zovala, kumene kampani ya Geometric Power, ya Barth Nnaji amene anakhalapo nduna ya za magetsi, inamanga makina ake a gasi, paipi yake ndi mawaya ake, ndipo imagulitsa yokha magetsiwo kwa anthu a m'derali. Ubwino wake ndi wakuti wopanga ndi wotolera ndalama ndi mmodzi, ndiye palibe woloza mnzake chala. Ntchitoyi inatenga zaka pafupifupi 20, mwa zina chifukwa chokanganirana dera ndi amene anagula kampani ya Enugu, ndipo itatsegulidwa mu Febuluwale 2024, miyezi yoyambirira makina sankayaka onse chifukwa gasi sankafika wokwanira.

Nkhawa yanga ili pa zigawo zosauka. Lagos ili ndi mafakitale, mabanki ndi anthu olipira, ndipo amalonda adzathamangirako okha. Zigawo za kumpoto monga Yobe ndi Zamfara zili kutali ndi gasi, midzi yake ndi yotalikirana, ndipo kuli mavuto a chitetezo, choncho chigawo chilichonse chikamadziyang'anira chokha, palibe wamalonda amene adzakokere mawaya kumeneko popanda boma la ku Abuja kuikapo ndalama zake.